Makina Amene Analira Titapitirira pa Jenda

Ine si munthu wamantha, anzanga a ku ofesi angakuuzeni. Koma pa ulendo wanga wa ku Mzimba uja, chipangizo cha kuntchito chimene ndinanyamula m'chikwama chinatsala pang'ono kuphetsa mayi wa eni ake, ndipo mpaka lero foni ya munthu ikalira mwa tii-tii-tii m'minibasi, ndimatembenuka msanga kuti ndione chalira.

Ntchito yanga ndi yoyeza radiyeshoni, cheza chosaoneka ndi maso chimene chimatuluka m'miyala ina, m'migodi ndi m'mankhwala ena a kuchipatala. Kwathu ku Dedza mayi anga amauza anzawo a kumpingo kuti ndimagwira ntchito ya zanyengo, ndipo ndinatopa nako kuwatsutsa. Chaka chimenecho ofesi yathu inapeza thandizo loti tiike zipangizo m'maboma, zizikhala pa mlongoti usana ndi usiku kumvetsera ngati cheza chakwera, n'kumatumiza uthenga ku Lilongwe. Nkhani inali yakuti tigule za mtundu wanji.

Mitundu inali iwiri. Choyamba tinkachitcha chachubu, chifukwa mkati mwake muli kachubu ka mpweya. N'chotchipa, n'cholimba, ungachigwetse pansi n'kuchitola chikugwirabe ntchito. Kuipa kwake, chimangonena kuti cheza chachuluka, osanena kuti chikuchokera ku chiyani. Chinacho tinkachitcha chamwala. Mkati mwake muli mwala woonekera ngati mchere, ndipo chimatchula dzina la chinthucho, kaya ndi yureniyamu, kaya ndi zina. Koma ndiye chodula, komanso chonyada abale: sichifuna kugwedezedwa, sichifuna kutenthedwa modzidzimutsa. Mwalawo ukang'aluka, basi, zatha.

Abwana anga ankafuna chachubu. "Tigule zambiri, boma lililonse lilandire chake," ankatero. Ine ndinali mbali yawo, chifukwa misewu yathu ndimaidziwa, ndipo ndimadziwanso amene adzatumidwe kukakonza zikadzafa. Koma ogulitsa anatibwereka chimodzi chimodzi kuti tikayesere kunja kwa tauni tisanasankhe, ndipo anafuna tibweze sabata yotsatira. Tinasankha Mzimba poti ndi kutali, masana kumawotcha, m'mawa kumazizira, ndiponso msewu waukulu wa kumpoto umadutsa m'bomalo. Wonyamuka anali ine.

Tinachoka ku Lilongwe m'mawa pa galimoto ya ofesi, ine ndi a Banda, dalaivala wathu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija limatuluka litakwiya kale. Chamwala chinali m'bokosi lake lakuda la thonje mkati, nditalimanga lamba pa mpando ngati munthu. Chachubu ndinachiyatsa n'kuchiponya m'chikwama cha m'manja kuti chizilemba cheza cha m'njira yonse. Kasipika kake ndinakasiya kotsegula kuti ndizimva osachitulutsa, ndipo chinkangoti the, kenako zii, kenakonso the, monga chimachitira kulikonse kopanda vuto.

Pa Mponela zonse zinali bwino. Pa Madisi a Banda anayamba kuyang'anayang'ana kansingano ka kutentha kwa injini. Tikulowa mu Kasungu utsi woyera unatuluka kutsogolo, galimoto n'kukhosomola kawiri n'kuima pafupi ndi ogulitsa chimanga chowotcha. Makaniko amene anabwera anasuzumira, n'kuimba kamluzu, n'kunena kuti pampu ya madzi yatha ndipo ina ichokere ku Lilongwe.

"Ifika liti?" ndinafunsa.

"Mawa, mayi. Kapena mkuja."

Mawa la makaniko ndimalidziwa. Ndinaimbira abwana, iwo n'kuti, "Ndiye mutani? Masiku obwereka akutha." Ndinawauza kuti ndikwera minibasi. Anati, "Bokosilo musalitsegule m'njira, mwamva? Likawonongeka, ine ndi inu tikafotokoza bwino." A Banda anandiperekeza ku depoti atanyamula chikwama changa cha zovala, akungoti, "Adona, mukanangodikira." Bokosi ndinanyamula ndekha.

Ku depoti anyamata oitanira anandithamangira ngati ndanyamula nyama. Wina analigwira chogwirira n'kuyamba kukoka.

"Iwe, siya!" ndinakalipa. "Ukaligwetsa ugulitsa minibasi yakoyo, ya m'bale wako yomwe, osakwanabe!"

Anasiya, anzake akumuseka. Kondakitala ankafuna bokosi lilipire mpando wake, ine ndinati likhala pamiyendo panga, ndipo tinakangana mpaka anatopa ndi iyeyo. Tinadikira kuti idzaze. Injini ankailiza, n'kuyenda pang'ono, n'kubwereranso pomwepo, anthu ena okhala m'mipando n'kutsika poti sanali a paulendo, anangowaika kuti tione ngati yatsala pang'ono. Pamene tinkanyamuka n'kuti dzuwa lili paliwombo, miyendo yanga itachita kale dzanzi.

Kuchoka pa Kasungu mpaka pa Nkhamenya sindinaone china koma maenje. Dalaivala akalowa m'dzenje ndinkalinyamula bokosi m'mwamba ndi manja kuti lisamve kugunda, mpaka mayi wina pambali panga anandifunsa ngati muli mazira. Ndinati eya, a nkhanga ya ku Ulaya. Anaseka, koma ine sindinkaseka. Ndinkangoganiza za mwala uja, kuti mwina wang'aluka kale ndikungonyamula chitsulo chachabe.

Tikuyandikira pa rodibuloko ya pa Jenda ndinazimitsa chachubu, kuopa mafunso ambiri. Wapolisi anafunsa za bokosi, ndinamuonetsa chiphaso cha kuntchito, iye n'kutiuza tizipita. Koma sitinapite patali. Pa siteji kondakitala analengeza kuti iwo athera pompa, ife a ku Mzimba atigulitsa ku minibasi ina. Tinatsika, tinakwera inayo, tinayambanso kudikira pakati pa madengu a tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere imene amayi ankatilowetsera pa zenera. Chiyankhulo chinali chitasintha, ponseponse yewo, yewo, ine ndikungotolako mawu amodzi amodzi.

Apa ndi pamene anakwera anthu atatu amene sindidzawaiwala. Woyamba anali bambo wa jekete lachikopa m'dzuwa lonse lija, wochokera ku Joni, ndi zikwama zikuluzikulu zamizeremizere ndi foni yaikulu ngati mbale. Wachiwiri anali mtsikana wa ana awiri, wina woyenda, wina wakhanda kumsana. Womaliza anali mayi wachikulire, woonda, atakulunga mpango m'khosi. Anatsika pa njinga yamoto yochokera ku msewu wa ku Lundazi, n'kupempha kondakitala kuti akhale kutsogolo.

"Kutsogolo kwadzaza, mama. Mbwenu lowani kumbuyo uko."

"Ndapota, mwana wanga, olo pa khomo pompa."

Kondakitala sanamve. Anawakankhira ku mpando wakumbuyo kwenikweni, kuseri kwa ine, n'kulowetsa mtsikana wa ana uja pambali pawo. Bambo wa jekete anawazindikira. "Ah, NyaShaba! Muli uli? Mwachokera kuti?" Iwo anayankha mwachidule kuti kwa achemwali awo ku Zambia, n'kuyang'ana pa zenera. Ndinamva kuti midzi yawo ndi yoyandikana, kupitirira pa Champhira.

Aliyense wokwera minibasi amadziwa kuti mwana alibe mwini mmenemo. Mayi akapanikizika amangopereka khanda kwa amene ali pafupi, ndipo umalandira, olo utavala zoyera. Mtsikana uja anamasula mwana kumsana n'kundipatsira ine poyamba. Ndinamuonetsa bokosi.

"Awa ali naye kale wawo," anatero bambo wa jekete, anthu n'kuseka.

Ndiye anatembenukira kwa NyaShaba. Mayiwo anabweza manja kumbuyo ngati awapatsa mbaula ya moto.

"Yayi, mama. Ndapota, mupatseni wina."

"Pang'ono chabe, agogo, ndimukhazike bwino mkuluyu."

"Yayi. Ndiponso musinthane malo ndi abambo awo, mwanayo akhale uko."

Mtsikanayo nkhope inagwa, anamukumbatira mwana wake n'kusunthira kumbali mmene akanathera. Wina kutsogolo anang'ung'udza m'Chitumbuka, ndipo ngakhale sindinamve mawu ake, ndinamva kuti si madalitso. Nanenso ndinaweruza mumtima kuti gogo uyu ndi wouma mtima.

Tinanyamuka. Titayenda ndithu, nyumba za pa Jenda zitatha, ndinakumbukira kuti chachubu ndinachizimitsa. Ndinalowetsa dzanja m'chikwama n'kudina batani.

Sichinati the. Chinakuwa. Tii-tii-tii-tii, osapumira, kagetsi kofiira kakuphethira mpaka kuonekera pa nsalu ya chikwama. Ndinachitulutsa n'kuyang'ana nambala. Chiyambire ntchito ndinali ndisanaone nambala yotero kunja kwa chipinda chathu choyesera. Mutu unathamangira zoopsa zokhazokha: kachitsulo ka m'makina a kumgodi kamene wina watola n'kukaika m'thumba, miyala yozembetsa kuchokera kumalire, ndipo muno muli ana awiri.

"Adalaivala, imani! Imani pompano!"

Anaima pa kamalo ka magolosale angapo ndi mtengo waukulu wa mango, tisanafike pa Champhira. Ndinachita zimene anatiphunzitsa: anthu atuluke, katundu atsike, upeze pamene chikuchokera. Ndinawauza kuti ndine wa boma, chipangizochi chamva chinthu chimene chingathe kupweteka anthu, ndipo ndiyenera kuyeza katundu yense. Kondakitala anatukwana pansipansi koma anatsitsa. Ndinayamba ndi matumba a feteleza, chifukwa nthawi zina amakweza nambala pang'ono. Zii. Zikwama za ku Joni, mwini wake akundijambula ndi foni yake. Zii. Madengu, chigubu cha mafuta, tayala la sipeya. Ndinalowa m'minibasi yopanda anthu, ndinayeza pansi pa mipando yonse, osapeza kanthu.

Anthu anali ataunjikana pa khonde la golosale. NyaShaba okha anaima patali, pansi pa mango paja, atagwira kachikwama kawo. Ndinaganiza kuti katsala ndi kachikwamako basi. Ndikuyandikira, chipangizo chinayamba kufulumira. Ndinawapempha aike kachikwama pansi, asunthe. Nditaloza kachikwamako, kulira kunachepa. Ndinatembenuka kuti ndiwafunse ngati ali ndi kanthu m'thumba la malaya, dzanja langa n'kufika pafupi ndi khosi lawo, ndipo chinakuwa kuposa poyamba paja.

Aliyense anaona. Ndinazindikira mochedwa kuti ndaima pamaso pa anthu onse, ndatambasula dzanja, ndikuloza mayi wachikulire ndi chinthu cholira.

"Fwiti," anatero wina chapansipansi. Mawu amenewo sanafune womasulira.

"Nanga si mwana uja anamukana?" anatero bambo wa jekete, foni ili m'mwamba. "Tonse tinaona. Makina a boma sanama, ine ku Joni ndawaona chomene makina otere. Kumudzi kwawo ana akhala akudwaladwala, tikudabwa."

"Bodza limenelo!" ndinakuwa. "Ichi sichigwira mfiti, bambo inu, chimayeza cheza!"

"Ndiye chezacho chikutuluka mwa munthu bwanji? Mwa ine bwanji sichikutuluka?"

Ndinachizimitsa kuti phokoso lithe, koma ndinangowonjezera moto. "Akubisa! Yatsani!" anakuwa ena. Anthu a m'magolosale anatuluka, a njinga za kabaza anaima, amayi ochokera ku chigayo anatula mitolo. Mnyamata wina wamkulumkulu ndinamuona akutola chidutswa cha njerwa, osaponya, kungochigwira. Dalaivala anati iye sanyamulanso mayi ameneyu, ife tikwere tizipita. Kuwasiya pamenepo kunali kuwapereka. NyaShaba sanathawe, anangokhala pansi pa muzu wa mango.

Kunena zoona ndinachita mantha kwambiri. Koma mkwiyo unandithandiza.

"Tamverani nonse!" ndinatero. "Kachipangizo aka ndi kopusa. Kamangolira, sikadziwa chimene kakulirira. Wamkulu wake ali m'bokosi umu, ndi amene amatchula dzina. Aliyense asasunthe mpaka ayankhule. Ndipo iwe wa njerwa, nkhope yako ndaiona."

Mawu a abwana anandibwerera, oti bokosi ndisatsegule m'njira. Mawu a wogulitsa nawonso, oti likachoka pozizira lisakumane ndi dzuwa. Ndinayala chitenje changa pa mthunzi, pakati pa mayiwo ndi gulu lija, n'kugwada n'kutsegula. Ndinatulutsa laputopu m'chikwama, koma chifukwa cha phuma chingwe choilumikiza ku chamwala ndinachilowetsa mozondoka kangapo. Chitayaka, chinayamba mwambo wake wodzikonzekeretsa, kamzere kobiriwira kakukwawa pa sikirini ngati nkhono.

Kudikira kumene kuja sindikufuniranso munthu. Sindinkadziwa ngati mwala uli moyo pambuyo pa maenje a ku Nkhamenya. Batire ya laputopu inali pansi. Gulu linkayandikira pang'onopang'ono, osati poyenda, koma ukayang'ana pansi n'kudzutsa mutu umapeza afika pafupi. Bambo wa jekete ankayankhula ndi foni yake ngati mtolankhani. Khanda lija linayamba kulira, wina n'kuti, "Mwamva? Wayamba." Thukuta linkagwera pa mabatani, ndikupukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Kondakitala anabwera kudzandinong'oneza kuti, "Asisi, fulumirani, anthu awa ine ndimawadziwa." Ndinamuyankha kuti akafulumizitse amake, ndipo pambuyo pake ndinamupepesa.

Kamzere kanafika kumapeto. Ndinalozetsa chipangizo kwa NyaShaba. Pa sikirini timadontho tinayamba kuunjikana, n'kumera kaphiri kamodzi kosongoka, ndipo pansi pake panatuluka dzina. Ayodini. Osati wa mu mchere uja, koma wa kuchipatala, amene madokotala amamwetsa munthu wodwala chithokomiro kuti akawotche chotupa cha pakhosi. Amakhala m'thupi kwa kanthawi, akucheperachepera, mpaka kutha.

Ndinakhala pansi pafupi nawo. "Amayi," ndinanong'ona, "ku Zambia kuja munali kuchipatala? Anakumwetsani mankhwala a pakhosi?"

Anandiyang'ana koyamba. "Mwadziwa uli?"

"Makinawa andiuza. Bwanji osanena, amayi? Anthuwa akupwetekani."

"Ndinene kuti chiyani, mwana wanga?" Chichewa chawo chinali chokoka, cha kumpoto. "Dokotala anati kwa masiku angapo ndisanyamule mwana, ndigone ndekha, mbale ndi kapu zikhale zanga. Anati m'thupi mwanga mukutuluka chinthu chosaoneka chimene chingapweteke ana. Tsono inu mwaphunzira, ndiuzeni. Munthu woima pa gulu n'kunena kuti m'thupi mwanga mukutuluka chinthu chosaoneka chopweteka ana, kuno timamutcha ndani?"

Anapitiriza kuti kunyumba akudziwa kuti anapita kukaonetsa khosi, koma izi zinazi sanauze munthu. Ankati akafika akanamizira chifuwa, agone kukhitchini mpaka masiku atha, nkhani ithere pomwepo. Achipatala anawauza adikire kaye asanakwere basi, ndipo anadikira kwa achemwali awo mpaka anaona kuti alemetsa eni nyumba.

"Musawauze za ana," anandigwira mkono. "Ndapota chomene."

Ndinaimirira n'kunena theka chabe la nkhaniyo. Ndinatembenuzira laputopu ku gulu, ndinawaonetsa kaphiri kaja ndi dzina lake, ndinati mayiwa amwa mankhwala amphamvu a kuchipatala ochiza chithokomiro, makina amva mankhwalawo, palibe china. Ena anagwedeza mitu. Mayi wina anati mlamu wake nayenso anali ndi chotupa chotero. Ndinayamba kupuma. Koma mtsikana wa ana uja anabwera kutsogolo, khanda lili pa phewa.

"Nanga mwana wanga anamukaniranji?"

Sanafunse mwachipongwe, ankafunadi kudziwa. Ndipo ine ndinadziwa kuti sindingalole khandalo likhalenso phewa ndi phewa ndi mayiwo mpaka ku Mzimba, choncho bodza silikanandithandiza. Ndinayang'ana NyaShaba. Anadzuka okha, anamasula mpango uja, chotupa chili poyera, n'kuyankhula m'Chitumbuka, mawu ochepa, osakweza. Kondakitala anandimasulira kuti anena zonse, za dokotala, za mbale, za ana.

Mtsikanayo anayang'ana mwana wake, anayang'ana mayiwo, kenako anapinda mawondo pang'ono. "Ndiye mumakanira zimenezo? Yewo, agogo. Yewo chomene." Njerwa ija sindinaione pamene inagwera. A kabaza anakwera njinga zawo. Koma sindinganame kuti onse anakhutira, ena anachoka akuyang'ana cham'mbali, ndipo bambo wa jekete anangolowetsa foni m'thumba.

Ndinagwirizana ndi dalaivala kuti NyaShaba akhale kutsogolo pa zenera, ine pakati, ana kumbuyo kwenikweni. Ndinakhala mowakhudza dala kuti onse aone. Titapitirira pa Champhira NyaShaba anagogoda pa chitseko, n'kutsika pa kanjira ka pakati pa chigayo ndi tchalitchi cha njerwa zosapaka. Bambo wa jekete anatsika patsogolo pang'ono ndi zikwama zake.

Ku Mzimba ndinafika dzuwa likulowa, ndinapeza chipinda pafupi ndi msika. M'mawa mwake ndinamangirira zipangizo zonse ziwiri mu mpanda wa zoyezera nyengo, ndipo zonse zinkagwira ntchito, mwala uli bwinobwino. Ndinayamba kudziuza kuti zinatha bwino.

Tsiku lotsatira ndinakwera kabaza kuchokera ku mpanda kuja kupita kukadya. Wopalasayo, bambo wochezeka, atamva kuti ndine mlendo anati, "Mwamva za pa Champhira, mama? Boma labweretsa makina ogwira afiti. Ayamba kale, agwira gogo wina. Akuti aika boma lililonse." Anaima dala kuti andionetse pa foni. Ndinaona msana wanga, dzanja langa, kagetsi kofiira, nkhope ya NyaShaba ikuoneka bwinobwino. Kanemayo ankathera pa kulira kwa chachubu. Bokosi, laputopu, mpango, zonsezo munalibe.

"Mayi ameneyo ndi wodwala, anamwa mankhwala," ndinatero. "Wa makinayo ndine."

Anandiyang'ana, anayang'ana foni, n'kuseka mwaulemu. "Enya, mama. Nanga boma lingavomere?"

Chakudya sindinadye. Ndinaimbira abwana ndili chiimire pa msika, ndinawafotokozera zonse, ngakhale zotsegula bokosi. Asanayambe kukalipa ndinati, "Bwana, ndasintha maganizo. Chachubu chikadzalira pa Jenda ife tili ku Lilongwe, anthu akadzafunsa kuti chalirira chiyani, tidzawauza kuti sitikudziwa? Akadzamva kuti sitikudziwa, adzapeza okha yankho. Ine ndaliona yankho lawolo. Pamene pali anthu, m'misewu ndi m'malire, tiike chamwala, olo zikhale zochepa. Chachubu chipite kumapiri. Ndipo chilichonse chimene tigule chisakhale ndi sipika kapena getsi."

"Mukudziwa kuti maboma ena atsala opanda kanthu?"

"Ndikudziwa, bwana."

Anapuma mwamphamvu. "Lembani, tikaone ku komiti."

Sindinalembe tsiku limenelo. Ndinakwera minibasi yobwerera cha ku Jenda, wopanda bokosi, wopanda chikwama, n'kutsika pa chigayo cha pafupi ndi tchalitchi chija. Nditatchula dzina la NyaShaba, amayi a pa chigayo anayang'anana kaye asanandilozere njira. Ndinayenda m'minda yotentha yodikira mvula, kudutsa khola la ng'ombe, ndikuyang'ana ngati pali nyumba yopsa.

Panalibe yopsa. Anandilandira mpongozi wawo, mayi wamanyazi, n'kundiyalira mphasa. Ndinapempha kuti aitane a pabanja ndi oyandikana nawo. Anabwera ndithu, amuna pa mipando, amayi pansi, ndipo ndinafotokoza zonse pang'onopang'ono, mwana wamwamuna wa NyaShaba akumasulira. Ndinati makina aja sadziwa za ufiti, ndinati mankhwalawo akutha okha, ndinati mayiwa anateteza khanda la mlendo pamene akanatha kungokhala chete. Anamvetsera mpaka kumapeto. Bambo wina wachikulire anawomba m'manja mofatsa. "Tapulika, mama. Yewo chomene," anatero, kutanthauza kuti amva. Anabalalika mwaulemu, ndipo sindinathe kudziwa ngati mawu anga analowa kapena anangondilemekeza poti ndine wa boma.

NyaShaba sanali pa msonkhanowo. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini, atakhala pa chikopa cha mbuzi, akusenda nyemba. Pa mwala pambali pawo panali mbale imodzi ndi kapu imodzi. Ana a pakhomopo ankasewera kutali, kumbali ya khola, ndipo palibe amene ankayang'ana kuno.

"Makina mwabwera nawo?" anafunsa.

"Ayi, amayi."

"Mwachita bwino. Khalani apo, pa mthunzi."

Ndinakhala. Ndinawafunsa za khosi, anati likumva bwino. Ndinawafunsa ngati wina wawavutitsa, anati ayi, palibe wanena kanthu, ngakhale mmodzi. Anati chakudya mpongozi amabweretsa pa nthawi yake, amaika pa mwalapo n'kubwerera. Madzi osamba amawasiyira pa ngodya. Dzulo kunali maliro kutsidya, anthu anadutsa njira ya kumunsi, pamene masiku onse amadutsa pakhomo pano.

Ndinayang'ana mbale ija. Zonse zinali monga dokotala ananenera, ndendende, ndipo n'zimene zinandiopsa.

"Amayi," ndinatero, "kodi akuchita izi chifukwa cha mawu a dokotala, kapena chifukwa cha zija za pa foni?"

Anasenda nyemba zingapo asanayankhe, makoko akuponya m'lichero.

"Nanenso sindikudziwa, mwana wanga," anatero. "Masiku a dokotala akutha Lamulungu. Lolemba ndidzaitana mdzukulu wanga kuti adzakhale pa miyendo panga. Mbwenu tidzaona ngati amake adzamulole kubwera."